Ulendo wa banja pa Ilala, chamadzulo tizidya nthawi yanji, nanga anawa tiziwatani?

MayiWaAtatu_Mpondasi
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru abale. Kwathu tagwirizana kuti holide ya Ogasiti ino tikwere Ilala kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Likoma, tikakhaleko masiku angapo kenako tidzatsike nayo ikamabwerera. Tilipo anthu 9, ine ndi bambo akunyumba, ana athu atatu wa zaka 4, wa 9 ndi wa 13, achemwali anga ndi mwana wawo, alamu anga omwe amakhala ku Joni, ndi amayi anga omwe ali ndi shuga ndipo amabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Nkhani ili apa, alamuwo anakwerapo chisitima chachikulu chija cha ku Durban ndiye atilembera pepala la ndondomeko, akuti ana ndi anganga azidya 6 koloko madzulo, akuluakulu 8 koloko, ikakwana 9 magemu, ndipo akuti ndiimbe foni ndibukitse tebulo la anthu 9 la pawindo. Ine nyanjayi ndimangoiona ndili pamchenga sindinakwerepo olo boti. Amene munayendapo pa Ilala, zimenezi zimatheka? Nanga ana kwa tsiku ndi usiku wonse pamadzi tiziwasangalatsa ndi chani kuti asatisowetse mtendere?

Kampango_Wamkulu
Tebulo la pawindo kkkkkk. Alamu anuwo muwauze kuti windo lake ndi nyanja yonse

Nkope_Girl
Kkkk musawaseke, afunsa bwinobwino. Achemwali pepalalo musalitaye koma mulilembe ndi pensulo

MzeeWaPaDoko
Mayi, ine ndakwera sitima imeneyi kambirimbiri, nthawi ina ndinkagula usipa kumpoto kudzagulitsa kuno. Ndikuuzeni mmene zilili. Ilala si sitima ya alendo okha ayi, ndi basi ya anthu a m'mbali mwa nyanja ndi a pazilumba, imanyamula chimanga, simenti, malata, makreti a zakumwa, nsomba, njinga, chilichonse. Imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, Loweruka ndi pamene mumafika ku Likoma, imapitirira ku Nkhata Bay mpaka ku Chilumba kenako nkutembenuka, ku Monkey Bay imadzafikanso chapakati pa sabata. Tsikulo limadziwika koma ola lake limalamulidwa ndi zinthu ziwiri, katundu ndi mphepo. Malo ambiri sitima siyigunda kumtunda, imaponya nangula patali ndiye amatsitsa maboti awiri aja a m'mbali kuti azituta anthu ndi katundu, kupita nkubwera, kupita nkubwera. Katundu akachuluka mukhala pamenepo maola, akachepa mwanyamuka msanga. Ndiye ndondomeko yonena kuti 9 koloko magemu, 9 kolokoyo ikhoza kukupezani sitima ili chiimire anthu akukuwa pansipo ana onse ali pa chitsulo kuonerera mbuzi ikukwezedwa.
Za chakudya, muli malo odyera a anthu a m'makabini ndi a fesiti kalasi, komanso pansi pali khitchini yomwe amagulitsa nsima ndi ndiwo za masiku onse. Pamwamba penipeni pali bala. Malo odyerawo ndi aang'ono, matebulo ochepa, ndiye inu mukangokwera pitani mukacheze ndi woperekera zakudya, mumufunse kuti chamadzulo chimapsa nthawi yanji ndipo mumuuziretu kuti muli anthu 9. Kubukitsa kwake ndi komweko, pakamwa.

MayiWaAtatu_Mpondasi
Zikomo kwambiri bambo. Ndiye kuti amayi angawa ndisadalire kuti 6 koloko yeniyeni mbale ikhala patsogolo pawo eti?

Nesi_WaKuMalindi
Musadalire, osati chifukwa ophikawo ndi aulesi ayi koma kuti munthu wa jakisoni wa shuga sayenera kudalira khitchini ya wina aliyense paulendo, kaya ndi pa basi kaya ndi paukwati. Choopsa kwambiri ndi kubaya kenako chakudya nkuchedwa, kapena kubaya, kudya, kenako nkusanza chifukwa cha mafunde. Shuga amatsika, munthu amayamba thukuta, kunjenjemera, kuyankhula zosamveka, ndipo inu muli pakati pa nyanja. Ndiye lamulo likhale loti chakudya chioneke kaye ndi maso jakisoni pambuyo. Munyamule chakudya chawo chapadera choti chikhoza kulowa m'malo mwa chamadzulo, buledi, mazira owiritsa, mbatata yophika, mtedza, nthochi, tiyi mu fulasiki. M'chikwama chawo cha m'manja mukhale maswiti kapena shuga weniweni wa m'kapaketi ndi kabotolo ka chakumwa chotsekemera, osati m'chikwama chachikulu chomwe chatsindiridwa ndi matumba. Mankhwala a jakisoniwo asakhale padzuwa, muwaike m'kulaboksi koma asagundane ndi ayisi chifukwa akaundana ndiye kuti aonongeka. Kamakina koyezera katengeni ndi timapepala take tokwanira masiku onse kuphatikiza ena apadera. Ndipo musananyamuke apite kuchipatala komwe amalandira mankhwala akawauze za ulendowu, awafotokozere chochita tsiku lomwe akulephera kudya. Izi za kuchepetsa kapena kuonjezera mlingo musamvere zapagulu pano, ngakhale za ine.

Namwera_Boy
Funso langa ndi losiyana. Chifukwa chani Ogasiti? Mukudziwa mwera inu?

Kampango_Wamkulu
Apo wanena zoona mwana wa ku phiri, ngakhale kwanu kulibe nyanja kkk

Namwera_Boy
Kulibe nyanja koma ndinasanzapo pa nyanja amwene, ndili ndi satifiketi. Tinakwera mu Julaye, kuchoka ku Nkhotakota kulowera kuzilumba usiku, sitima ikuchita kupendama uku ndi uku, ine amene ndinadya nsima ya nyemba mitanda itatu ndikudzitama. Zomwe zinachitika sindinena pali azimayi pano. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera ndipo pakatikati pa nyanja pomwe palibe phiri lotchinga mafunde amakula ngati nyumba. Ine ndikanakhala inu ndikanadikira Okutobala nyanja ili phee

Aphunzitsi_Chimwala
Okutobala ana ali m'kalasi achimwene. Holide yaitali ndi ya Ogasiti yomweyi, ina ndi ya Khisimasi ndipo nthawi imeneyo ndi ya mvula, nayo ili ndi zake. Munthu wa ana sasankha mwezi ngati mbeta.

Nkope_Girl
Komanso mwera suwomba tsiku lililonse, umabwera masiku angapo nkuleka. Ife tinapita kumapeto kwa Ogasiti nyanja inali ngati galasi ulendo wonse. Kumapeto kwa mweziwo kuli bwinoko kusiyana ndi Juni kapena Julaye. Chimene ndingawauze ndi kuzizira, pamwamba paja usiku mphepo imalowa mpaka m'mafupa, majuzi, zipewa, masokosi ndi mabulangete musasiye poti ndife a ku Mangochi tinazolowera kutentha

MzeeWaPaDoko
Mwera ulinso ndi khalidwe lake lomwe likukhudza funso la mayiwa. Ukakhalapo, chakudya chachikulu muzidya sitima ikaima padoko kapena ikadali kufupi ndi kumtunda, osati ili pakati. Anthu amalakwitsa, sitima ikaima onse amathamangira kukaonerera, ikanyamuka ndi pamene akufuna nsima. Tembenuzani. Ikaponya nangula inu idyani, muli ndi nthawi yambiri yoonerera mukatha. Ndipo amene wayamba nseru asakadzitsekere m'kabini kapena kutsikira pansi komwe kuli fungo la injini ndi nsomba, akhale pamphepo chapakati pa sitima aziyang'ana kutali komwe madzi akumana ndi mitambo. Foni ndi buku aike pansi.

AlamuAkuJoni
Moni a gulu. Alamu amene mukuwasekawo ndine, andilowetsa pagulu pano ndi mlamu wanga yemweyu kuti ndidzimvere ndekha kkkk

Kampango_Wamkulu
Heee mwini pepala wafika. Takulandirani bwana, tebulo lanu likukonzedwa

AlamuAkuJoni
Sekani koma mundimve kaye. Maola aja sindinawalote. Sitima za ku Durban zija zimanyamula anthu masauzande, zimapita kuzilumba za ku Mozambique ngati Portuguese Island kufupi ndi Maputo, masiku atatu kapena anayi, nyengo yake ndi yotentha kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Chifukwa anthu ndi ochuluka chipinda chodyera sichingawatenge onse kamodzi, ndiye amagawa pawiri, gulu loyamba cha m'ma 6 lachiwiri cha m'ma hafu 8, ndipo umasankha pobukitsa. Tebulo lako ndi lomwelo usiku uliwonse, woperekera ndi yemweyo, pofika tsiku lachiwiri amadziwa kuti mwana uyu sadya tsabola. Zisudzo za usiku amazichitanso kawiri kuti amene wadya koyamba akaonere pambuyo, wodya mochedwa aonere asanadye. Amene ali ndi ana ang'ono amalimbirana gulu loyamba ndipo limadzaza msanga, ine ndinachedwa ndinapatsidwa lachiwiri, mwana wanga ankagona mutu uli m'mbale supu asanabwere, tinathera kumadya ku bufe masiku onse pomwe tinalipira zonse. Ndi chifukwa chake ulendo uno ndinati ndikonzeretu. Kumenekonso madzulo aliwonse amakuikira pepala m'kabini la zochitika za mawa, ana ali ndi kalabu yawo malinga ndi zaka, umakawasiya nkukawatenga. Ndiye ine ndimaganiza kuti Ilala ndi chimodzimodzi kungoti yaing'ono.

Nesi_WaKuMalindi
Maganizo ogawa pawiriwo si oipa konse alamu. Anganga ndi ana adye msanga, zimenezo ndikugwirizana nazo. Kungoti 6 kolokoyo muisunge ndinu ndi kulaboksi yanu, khitchini ikakhala yakonzeka ndi mwayi.

Aphunzitsi_Chimwala
Ine ndikutsutsa zogawazo. Anthu 9 okha mugawanenso pawiri? Ndiye amayi a anawo adya kangati, adyetse ana 6 koloko, akawagoneke, 8 koloko abwerenso atatopa kudzakhala ndi akuluakulu uku khutu lili ku kabini. Tikudziwa amene amavutika pa mapulani oterewa, si abambo ayi. Idyani limodzi dzuwa likamalowa, mu Ogasiti 6 isanakwane kwayamba kale mdima, mukatha amene akufuna bala apite.

MayiWaAtatu_Mpondasi
Aphunzitsi Mulungu akudalitseni, mwandiyankhulira zomwe ndimaopa kunena kkkk

AlamuAkuJoni
Ndagonja pamenepo. Koma ana ndikhala nawo ine usiku, ndalonjeza pagulu

CheMakanjira
Salaam abale. Palibe amene wafunsa, anganga akewo amadya nyama iliyonse? Poti dzina lanu likuti ndinu a kwa Mpondasi ndaganiza kuti mwina ndi Asilamu.

MayiWaAtatu_Mpondasi
Mwalondola, amayi ndi Msilamu ndipo nyama yosadziwa wozinga sakhudza. Bambo akunyumba ndi a Anglican, ndi amene akukakamira Likoma kuti ana akaone tchalitchi chachikulu chija

CheMakanjira
Ndiye zosavuta, pa nyanja nsomba ndi imene imathetsa milandu. Afunse nsomba, mazira kapena nyemba, nkhuku muwakazingire kunyumba yodya tsiku loyamba lokha chifukwa ikagona m'kontena imasasa. Za swala asadandaule, wapaulendo amaloledwa kufupikitsa komanso kuphatikiza, Zuhr ndi Asr pamodzi, Maghrib ndi Isha pamodzi. Ndiye akhoza kuswali dzuwa litangolowa kenako kuyeza shuga, kubaya, kudya, basi usiku wonse ali mfulu. Mkeka wawo waung'ono atenge, pamwamba pamapezeka kangodya. Sitima ikamagwedezeka kwambiri aswali chokhala.

Usipa_Wouma
Ine ndiye sindingakweze ana anga atatu ndi mayi anga pa chisitima cha zaka zoposa 70. Mukadutsa pa wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi mumawerenga chikwangwani cha sitima ya Viphya yomwe inamira ija? 1946, anthu 145 anathera m'madzi kumpoto uko. Nyanja iyi si yosewera nayo

Nkope_Girl
Aaa inunso, munthu akufunsa za chakudya inu mukubweretsa maliro

Kampango_Wamkulu
Minibasi ya ku Monkey Bay yomwe akwere m'mawa wake ndi imene ikuyenera kukuopsani, osati Ilala

MzeeWaPaDoko
Musamukalipire, mantha ake ndi a anthu ambiri. Za Viphya ndi zoona, ndipo Ilala inabwera pambuyo pa ngozi imeneyo. Inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa nkudzailumikiza konkuno ku Monkey Bay, inayamba kuyenda mu 1951. Kuyambira pamenepo yakhala ikukwera ndi kutsika nyanjayi, injini anasinthapo, imakalowa pa doko louma kukakonzedwa. Dzina lake ndi la dera la Ilala ku Zambia komwe David Livingstone anamwalirira mu 1873. Ine pa ulendo wonse pomwe ndimati makolo atsegule maso ndi potsika kulowa m'boti laling'ono lija, pamakhala kukankhana, makwerero ndi achitsulo ndipo boti limavina. Wa zaka 4 akhale kumsana ndi chitenje chomanga bwino, manja anu onse awiri akhale opanda kanthu, anganga atsike pakati pa amuna awiri wina patsogolo wina pambuyo, ndipo musathamangire boti loyamba, lolani a katundu apite. Mukangokwera ku Monkey Bay funsani komwe kuli majekete oyandamitsa muwaonetse ana. Valani nsapato zoti zikhoza kunyowa.

Usipa_Wouma
Chabwino ndamva, koma ine ndidzakuonerani pa zithunzi

Aphunzitsi_Chimwala
Tibwerere kwa ana poti ndi theka la funso ndipo tonse tathawira ku nsima. Kalabu ya ana kulibe, kalabu ndinu. Koma musaope, tsiku loyamba sitima yokhayo ndi chidole. Chimene ndinachita ine ndi anga, ndinagula kope la aliyense ndi mapensulo, tsamba loyamba tinajambula mapu a nyanja tili kunyumba, ndiye doko lililonse mwana amalemba dzina, nthawi yomwe tafika, nthawi yomwe tanyamuka ndi chinthu chodabwitsa chomwe chakwezedwa. Wanga wamng'ono analemba kuti bedi, nkhuku 12 ndi agogo osafuna kukwera. Mpaka lero kopelo lilipo. Wa zaka 13 mumupatse udindo, akhale wosunga nthawi ya jakisoni wa anganga ndi wojambula zithunzi, msinkhu umenewo ukapanda ntchito umangokwinya nkhope. Masana awerenge nkhwazi ndi mabwato, mukachita mwayi muona nkhungu zikutuluka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa patali, muwafunse kaye kuti chikupsa ndi chani pamadzi musanawauze kuti ndi tizilombo. Usiku kuli magetsi a asodzi a usipa, mzere wonse ngati tauni yoyandama, ndi nyenyezi zomwe kuno sitiziona bwino. Pamenepo ndi pa nthano ndi ndagi, ndipo muli ndi anganga m'gulu, imeneyo ndi ntchito yawo. Musanapite muwatengere ku miyuziyamu ya pa boma, akaone za sitima zakale ndi mfuti ija ya sitima yankhondo ya Gwendolen ili pa wotchi, kuti akamakwera akhale ndi mafunso.

Namwera_Boy
Bawo musaiwale. Pa sitima bawo limapeza anzake lokha, mukangoliyala madala atatu afika kale kudzakuuzani kuti mukutakata molakwika

Nkope_Girl
Bawo pa mwera? Nkhomo zonse zikathera m'nyanja kkkk. Tengani makhadi ndi ludo, ndipo phada ayi ndithu. Ife tinatenganso chingwe ndi mikanda atsikana ankaluka zibangili mpaka anayamba kugulitsa kwa azungu a pamwamba paja

AlamuAkuJoni
Ine ndimati ndibweretse tabuleti ndiikemo makatuni, nanga netiweki ilipo?

Kampango_Wamkulu
Imabwera nkupita. Makatuniwo muikiretu kunyumba, pawabanki ikhale yodzaza. Ndipo chenjerani mukayandikira kuzilumba, Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, foni ya ku Joni ngati yanuyo ikhoza kudumphira netiweki ya tsidya lija nkukudyerani ndalama muli mtulo. Ndalama tengani za m'manja, zosinthasintha, musadalire za pafoni pogula tiyi

MayiWaAtatu_Mpondasi
Nanga pogona? Makabini akuti ndi ochepa ndipo anthu 9 sitingakwanitse tonse

MzeeWaPaDoko
Ndi ochepadi, ndiye chimene muyenera kubukitsa msanga ndi chimenecho osati tebulo. Pezani kabini imodzi ya anganga, inu ndi kamwana, ikhalenso mosungira zikwama ndi mankhwala. Otsalawo matikiti a pamwamba, amabwereketsa matilesi, mumayala pansi pa denga lija kumbali yosawomba mphepo. Ana akuluakuluwo adzakonda kumeneko kuposa m'kabini. Kungoti pafupi ndi bala pamakhala phokoso mpaka usiku ndiye yalani chakutali, ndipo hutala ikalira pofika padoko 3 koloko m'bandakucha aliyense amadzuka, palibe kuchitira mwina. Lamulo kwa ana likhale limodzi lokha koma lolimba, palibe kukwera pa zitsulo za m'mbali ndipo palibe kutsika masitepe popanda wamkulu. Sabata yonyamukayo imbani ku ofesi ya ku Monkey Bay mutsimikize tsiku ndi ola, komanso tsiku lomwe idzadutse ku Likoma pobwerera. Ngati nkotheka kagoneni ku Monkey Bay Lachinayi, makilomita oposa 60 ndi ana ndi anganga m'mawa wa Lachisanu mudzafika mutakangana kale.

Aphunzitsi_Chimwala
Bambo akunyumbawo asankha bwino. Mukafika Loweruka ndiye kuti Lamulungu mulowa nawo mapemphero mu tchalitchi chija cha St Peter's, anayamba kumanga mu 1903 amishoni a Anglican a UMCA, ndipo ukaima mkati sumvetsa kuti chinyumba chotere chinamangidwa bwanji pa kachilumba. Ana akaone mawindo ndi mipando yosema ija. Kusambira akasambe koma mukabwerako mukapite nawo kuchipatala za likodzo, ife a kunyanja timazidziwa.

Nesi_WaKuMalindi
Ndaiwala chimodzi, mapilitsi oletsa nseru amagwira bwino ukamwa sitima isanayambe kugwedezeka, ndipo ambiri amagonetsa. A ana ndi a anganga mufunse kwa wogulitsa mankhwala wodziwa, mutchule zaka ndi shugayo, musangogula pa golosale. Tengani ORS mapaketi angapo ndi madzi akumwa okwanira.

MayiWaAtatu_Mpondasi
Abale mwandimasula. Takhala pansi ndi alamu pa foni tafufuta pafupifupi pepala lonse. Chatsala ndi ichi, tonse 9 tizidya limodzi dzuwa likangolowa amayi akatha kuswali, khitchini ikakhala isanakonzeke amayi ndi ana ayamba za m'kulaboksi enafe tidikira. Sitima ikaima masana tizidyeratu. Kabini imodzi ndiimbira mawa. Makope atatu ndagula kale, achemwali akubweretsa ludo, alamu akuti bawo agula lawo ndipo nkhomo zikagwera m'nyanja alipira okha. Mzere wa 9 koloko magemu akana kufufuta, akuti umenewo ndi ulemu wawo wotsala kkkk

AlamuAkuJoni
Ndipo tebulo la pawindo ndikalipeza, mudzaona chithunzi pagulu pano

Usipa_Wouma
Poti mwatsimikiza zopita, mungandinyamulireko kathumba ka ufa ndi malata awiri okha kwa azakhali anga ku Chizumulu? Adzabwera ndi bwato kudzalandira pa sitima pomwepo

Kampango_Wamkulu
Si iwe umati chisitima cha zaka 70?

Usipa_Wouma
Ndinati ana anga, sindinati malata

MayiWaAtatu_Mpondasi
Ufa bweretsani Lachitatu madzulo, mulembe dzina pathumba. Malata ayi, a MzeeWaPaDoko anena kuti manja anga akhale opanda kanthu